Kwizi ya pa intaneti yati amuna anga ndi narcissist: ndiikhulupirire?

Funso

Zikomo alangizi. Ndine mayi wa ana awiri, ndimakhala ku Area 25 muno mu Lilongwe, ndipo ndakhala m'banja zaka 7. Mnzanga wa ku banki m'khonde ananditumizira linki ya mafunso 20 amene akuti amaulula ngati mwamuna wako ndi narcissist. Nditayankha poganizira amuna anga, panatuluka 88 pa 100. Zambiri zinali zoona ndithu. Sapepesa, akalakwa amatembenuza nkhani mpaka wopepesa ndikhale ine. Kutchalitchi, kumaliro ndi kumaukwati amapereka ndalama zambiri anthu akuona, koma ya ndiwo timachita kukanganirana. Chandisokoneza n'chakuti usiku womwewo ndinayankhanso poganizira ine mwini, panatuluka 61. Ndiye kuti tonse ndife odwala? Ndiwaonetse zotsatirazi, kapena ndipite nazo kwa ankhoswe?

Yankho

Mayi, 88 ija musawaonetse bambo, musapite nayo kwa ankhoswe, ndipo 61 yanuyo isakusowetseni tulo. Manambala awiriwo alibe kanthu. Zimene zili ndi kanthu ndi zomwe mwalemba pakati pa kalata yanu, za kupepesa ndi za ndalama ya ndiwo, ndipo zimenezo munazidziwa kale linkiyo isanafike pafoni panu.

Mawu akuti narcissist achokera ku dzina la Narcissus, mnyamata wa m'nthano za Agiriki amene adaona nkhope yake m'madzi a padziwe, n'kuikonda mpaka kufera pomwepo akuiyang'ana. Sigmund Freud adalemba za khalidweli mu 1914, koma lidalowa m'buku la matenda a maganizo la madokotala a ku America, lotchedwa DSM, mu 1980, ndi dzina loti Narcissistic Personality Disorder. Ife kuno sitinadikire bukulo kuti timudziwe munthu wotere. Timati wodzikonda, wodzikuza, wamatama, woyerekedwa, achinyamata amati wodzimva. Kusiyana kwake n'kwakuti mawu athuwa amanena za khalidwe, pamene dzina lalitali la Chingerezi lija limanena za matenda. Aliyense ali ndi shuga m'magazi, koma si aliyense amadwala shuga. Kudzikonda nakonso kuli choncho: tonse tili nako pang'ono, ena kwachulukirapo, ndipo ndi ochepa amene kwawafika poti ndi matenda.

Bukulo, m'kope lake la 2013 ndi lokonzedwanso la 2022, limatchula zizindikiro 9, ndipo munthu ayenera kukhala ndi zosachepera 5. Amadziona wamkulu kuposa zimene wachita. Amakhala m'maloto a chuma, ulamuliro kapena kukongola kopanda malire. Amakhulupirira kuti ndi wapadera, woyenera kucheza ndi akuluakulu okhaokha. Ludzu lake la kutamandidwa silitha. Amaona ngati malamulo ndi mizere ya kubanki ndi za anthu ena. Amadyera anzake masuku pamutu, samva ululu wa mnzake, amachita kaduka kapena kuganiza kuti onse amamuchitira kaduka, ndipo ndi wamwano. Mukawerenga zimenezi mutakwiya, aliyense amene munakangana naye sabata ino akwanira. N'chifukwa chake pali zina zimene makwizi satchula n'komwe: khalidweli liyenera kukhala litayamba munthu akungolowa uchikulire, liyenera kuoneka paliponse, kunyumba, kuntchito, kwa abale, osati kwa mkazi yekha, ndipo liyenera kukhala likuwononga moyo wake kapena maubale ake. Bukulo limanena kuti kafukufuku wosiyanasiyana adapeza vutoli mwa anthu oyambira pa 0 mpaka 6.2 pa 100 alionse, ndipo mwa opezeka nalo, pakati pa 50 ndi 75 pa 100 ndi amuna. Taonani kutalikirana kwa 0 ndi 6.2. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, m'ndondomeko yake ya matenda ya ICD-11 imene idayamba kugwira ntchito mu 2022, lidasiya kugawa mavuto a umunthu m'mayina ngati limeneli. Tsopano dokotala amayeza kukula kwa vuto ndi mbali za khalidwe zimene zakhudzidwa. Akatswiri eni ake akukanganabe za poika malire, koma tsamba la pa intaneti la mafunso 20 lakupatsani 88 yeniyeni, osati 87 kapena 89. Pamenepo pokha muyenera kukayika.

Makwizi ambiri amene amazungulira pa Facebook ndi pa WhatsApp amatengera mafunso a chida china chenicheni cha kafukufuku, Narcissistic Personality Inventory, chimene Robert Raskin ndi Calvin Hall adatulutsa mu 1979. Chofala kwambiri ndi cha mafunso 40 cha mu 1988. Pafunso lililonse munthu amasankha chimodzi mwa ziganizo ziwiri, monga loti amakonda kuti maso a anthu onse akhale pa iye kapena loti amakonda kubisala m'gulu. Chidachi sadachipangire kupeza matenda. Adachipangira kuyeza kuchuluka kwa khalidweli mwa anthu wamba, ndipo ambiri amene adachiyeserapo anali ophunzira a m'mayunivesite a ku America. Mu 2008 Jeffrey Arnett adawerengera anthu amene amayezedwa m'kafukufuku wa m'magazini akuluakulu a maphunziro a maganizo, n'kupeza kuti 96 pa 100 anali a m'mayiko olemera a azungu. Ndiye ganizirani funso loti "kodi mumadziona ngati mtsogoleri wabwino?" likafika kwa a nyakwawa, kwa mkulu wa mpingo, kapena kwa mayi amene amasunga bokosi la banki m'khonde yanu. Ayankha kuti inde, ndipo akhala akunena zoona, koma kwizi iwawerengera ngati odzikuza. Mbali inayi, kuno mwana amaphunzitsidwa kudzichepetsa pakamwa asanaphunzire kuwerenga. Munthu wodzikonda weniweni wa kuno amadziwa bwino kunena kuti "ine ndine ndani, zonse ndi chisomo", kwinaku akuyang'ana ngati a MC atchula dzina lake. Kwiziyo aipambana mosavuta.

Koma vuto lalikulu pa nkhani yanu n'lakuti mafunsowo anawalembera mwini wake, ndipo anayankha ndinu. Akulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa. Funso likati "kodi amakhulupirira mumtima kuti ndi wapadera?", inu mungoyerekeza, ndipo kuyerekezako kumatengera tsiku. Mukanayankha tsiku limene anakugulirani chitenje, si 88 ikanatuluka. Sindikunena kuti maso anu ndi abodza. Pa nkhani za khalidwe, anthu okhala pafupi amaona zimene mwini wake saona, ndipo ife ogwira ntchito ya za maganizo tikamayeza munthu timafuna kumva kwa mkazi wake kapena abale ake. Koma timamvanso kwa mwini wake, maulendo angapo, timafunsa za ubwana wake, za mowa, za ntchito, za tulo. Ngakhale ine amene ndikulemba pano sindingakuuzeni kuti amuna anu ali ndi matendawa. Mu 1964 magazini ina ku America idafunsa madokotala a maganizo ngati Barry Goldwater, amene ankapikisana nawo pa upulezidenti, anali wabwinobwino m'mutu. Ambiri adayankha asanamuonepo, iye adasumira magaziniyo n'kupambana, ndipo mu 1973 bungwe la madokotalawo lidaletsa mamembala ake kutchula matenda a munthu wodziwika amene sanamuyeze. Ngati dokotala saloledwa, kuli bwanji linki.

Tsopano 61 yanu ija. Mu 1948 mphunzitsi wa maphunziro a maganizo, Bertram Forer, adapatsa ophunzira ake 39 mafunso, kenaka aliyense adamupatsa pepala lomuuza kuti umu ndi mmene ulili iweyo. Adawapempha kuti apereke malikisi, kuyambira 0 mpaka 5, osonyeza mmene pepalalo lalasira. Pakatikati pake padatuluka pafupifupi 4.3. Atatha adawaululira kuti onse adalandira pepala limodzimodzi, ndipo ziganizo zake zambiri adazitola m'kabuku ka okhulupirira nyenyezi. Zinali ziganizo zoti munthu amafuna kukondedwa, kuti nthawi zina amakayika ngati adasankha bwino, zimene palibe angakane. Makwizi ambiri amadya pamenepa. "Kodi zimakuwawani anthu akapanda kukuyamikirani?" Mayi amene waphikira anthu a pamaliro usiku wonse osamva ngakhale zikomo ayankha kuti inde, ndipo alibe matenda alionse. Dziwaninso kuti masamba amenewa amapeza ndalama ndi otsatsa malonda. Nambala yoopsa ndi imene munthu amatumizira mnzake, monga mnzanu anakutumizirani inu; ya 12 pa 100 palibe amaitumiza.

Pali chinanso chimene ndimachiona kawirikawiri. Munthu amene wakhala zaka akuuzidwa kuti wolakwa ndi iyeyo amafika podzifunsa kuti kapena vuto ndine. Kubwereza kwiziyo usiku womwewo, podziyeza nokha, kukundiuza zambiri za m'nyumba mwanu kuposa 88 ija. Sindikuuzani kuti wodzifunsa sangakhale narcissist, monga amanenera ena pa TikTok, chifukwa si zoona kwenikweni. Mu 2014 Sara Konrath ndi anzake adaonetsa kuti kungofunsa munthu funso limodzi, loti akuvomereza bwanji kuti iye ndi narcissist, kumapereka zotsatira zoyandikana ndi za mafunso ambirimbiri aja. Odzikonda ambiri amavomera, ena monyadira, chifukwa saona choipa. Chimene sachita ndi kusowa nazo tulo poopa kuti akupweteka anzawo.

Ndingowonjezapo mwachidule: makwizi ena ndi msampha wa zinsinsi zanu. Nkhani ya kampani yotchedwa Cambridge Analytica imene idaphulika mu 2018 idayamba ndi kwizi ya khalidwe pa Facebook. Adaiyankha anthu pafupifupi 270,000, koma kudzera mwa iwo zidatengedwa zinsinsi za anthu ofika mwina 87 miliyoni. Linki ikayamba kufunsa nambala ya foni, tsiku lobadwa kapena kuti mulowe ndi akaunti yanu, itsekeni.

Nanga munthu wotere amadziwika bwanji, ngati si ndi kwizi? Ndi nthawi. Mu 1998 Delroy Paulhus, ku Canada, adaika ophunzira m'timagulu tokumana sabata iliyonse kwa masabata 7. Pa kukumana koyamba, odzikonda aja ndi amene anzawo adawaona ngati ochezeka, anzeru, osangalatsa. Pofika sabata yomaliza, anthu omwewo ankawaona ngati odzikuza ndi ovuta. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Izi zikufotokoza chifukwa chake mkazi wa munthu wotere amavutika kukhulupiriridwa. Abusa, anzake a kuntchito ndi ankhoswe amakhala pa sabata yoyamba mpaka kalekale, chifukwa amamuona maola awiri atavala jekete. Inu nokha ndi amene muli pa sabata ya 7.

Poyang'ana, musawerenge kuti amadzitama kangati. Kudzitama kokha n'kotopetsa koma sikupha. Tonse tili ndi malume amene nkhani iliyonse imathera pa ulendo wawo wa ku Johannesburg, koma mukadwala ndi iwo amayamba kufika kuchipatala. Yang'anani chimene chimachitika mukanena kuti ayi pa kanthu kakang'ono. Munthu wamba amanyansidwa, kenaka zimatha. Wodzikonda kwambiri amamva ngati mwamuvula pagulu, ndipo chilango chimabwera: ukali woposa nkhaniyo, kukhala chete masiku anayi, kapena kuumitsa ndalama. Yang'anani nkhope yawo zinthu zikakuyenderani bwino inuyo, mwachitsanzo tsiku logawana ndalama ku banki m'khonde, kapena anthu akakuyamikirani kumvano. Amakondwa nanu, kapena madzulo omwewo pamapezeka chifukwa chokuchepetsani? Kumbukirani nthawi imene munadwala kapena muli ndi pakati: anafunsa mmene mukumvera, kapena nkhani inali yoti nsima yachedwa? Onaninso mmene amalankhulira ndi mlonda, wantchito wa pakhomo, wakabaza, anthu amene sangawapatse kanthu, n'kuyerekeza ndi mawu amene amatuluka bwana akaimba foni. Ndipo werengani anzawo akale. Ngati mnzawo aliyense wa zaka zapitazo anasanduka "wansanje" kapena "wosayamika", nkhaniyo si ya m'nyumba mwanu mokha.

Si onse amene amakhala aphokoso. Paul Wink mu 1991 adalemba za nkhope ziwiri za khalidweli. Ina ndi ya wamatama uja. Inayo ndi ya munthu wooneka wofatsa, wodandaula nthawi zonse kuti dziko silimuona, wosunga chakukhosi, amene mawu ang'onoang'ono amamulasa mpaka mumtima. Makwizi otengera chida cha 1979 chija amamuphonya ameneyu, chifukwa chidacho chimayeza kwambiri mtundu woyambawo.

Zimene mwatchula ziwiri zija ndizione mwachilungamo, chifukwa zili ndi matanthauzo enanso. Kupereka kwambiri pamaliro ndi pa perekaniperekani kuno si matama okha. Ndi ngongole imene munthu amabweza ndiponso inshuwalansi ya tsiku limene maliro adzagwe pakhomo pake, ndipo mwamuna wa pantchito m'tauni muno amapanikizika ndi maso a abale akumudzi. Kusapepesa nakonso amuna ambiri anakuphunzira pakhomo: anakula osaonapo bambo awo akunena kuti pepani kwa mayi awo, koma akubwera ndi nyama ya mbuzi tsiku lotsatira, aliyense n'kumvetsa kuti kupepesa kwake n'komweko. Ngati amuna anu ali otere, ndi khalidwe lophunzira, ndipo lophunzira limasinthika. Funsaninso kuti zinayamba liti. Ngati zaka zoyamba anali munthu wina, n'kusintha chaka chathachi, ganizirani za ngongole ya katapila, kubetcha pafoni, mowa, ntchito imene ikugwedezeka, chibwenzi chamseri, kapena matenda a kukhumudwa, amene mwa amuna amakonda kutuluka ngati ukali. Umunthu wa munthu susintha ngati nyengo. Alamu anu, makamaka achemwali awo, angakuuzeni ngati anali choncho kuyambira ali mnyamata.

Chimene chandiimitsa m'kalata yanu ndi chija chakuti amatembenuza nkhani mpaka wopepesa mukhale inu. Chimenecho sindingachikhululukire ndi chikhalidwe. Chikachitika zaka zambiri, munthu amasiya kukhulupirira zimene akukumbukira. Pezani kope laling'ono, mulisunge pamalo poti iwo sangalipeze, kapena kwa mchemwali wanu. Pakachitika kanthu lembani tsiku, chimene chinachitika ndi mawu amene ananenedwa, osawonjezera maganizo anu. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu muwerenge. Mwina mudzapeza kuti mikangano yonse imagwa kumapeto kwa mwezi ndipo gwero lake ndi ndalama. Mwina mudzapeza kuti imagwa nthawi iliyonse imene inu mwayamikiridwa kapena mwakana kanthu. Awa ndi mavuto awiri osiyana, ndipo kope lanulo liwasiyanitsa bwino kuposa tsamba lililonse.

Kope lomwelo ndi limene mupite nalo kwa ankhoswe, kapena zimene zili m'katimo. Mukakanena kuti "amuna anga ndi narcissist", mlandu usintha pomwepo. Ukhala woti mwawatukwana bambo m'Chingerezi, mwawatcha amisala, mwaonongeka ndi foni, ndipo mudzatulukamo mutapepesanso. Koma mukakanena kuti sabata imene mwana anabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi ndi yomwe bambo anasupa K50,000 paukwati, ankhoswe ali ndi pogwira, ndipo n'zovuta kuzitembenuza. Pemphani chinthu chimodzi chooneka, monga ndalama ya pakhomo yodziwika pa tsiku lodziwika mwezi uliwonse. Mmene adzachitire ndi pempho limenelo, atavomera pamaso pa anthu, ndi mayeso abwino kuposa onse. Wongophunzira khalidwe loipa amang'ung'udza koma amayesetsa. Winayo amavomera mwaulemu wonse ankhoswe ali pomwepo, n'kukulangani iwo atangotuluka pageti.

Mwina mukufuna kudziwa ngati munthu wa matendawa amachira. Palibe mapiritsi ake. Chithandizo ndi kukambirana ndi katswiri kwa nthawi yaitali, ndipo chimatheka pokhapokha mwini wake akufuna. Ambiri safika kwa ife chifukwa cha kudzikondako. Amabwera ntchito itatha, banja litagwedezeka kapena mowa utawapitirira. Inu simungawachiritse ndi kupirira, ngakhale alangizi a pachinkhoswe anakuuzani kuti banja ndi kupirira. Chimene mungathe ndi kukaonana ndi mlangizi inu nokha, kuti mukhale ndi munthu womva mbali yanu mosathamanga. Muno mu Lilongwe a St John of God amathandiza pa za maganizo, ndipo m'zipatala za boma mungafunse namwino kapena dokotala woona za maganizo.

Pali funso limodzi limene simunaliyankhe m'kalata yanu, ndipo kwa ine ndi lalikulu kuposa dzina la matenda: kodi mumawaopa? Mukamva galimoto kapena mapazi awo pageti, mtima umagunda? Anakumenyanipo, kukuopsezani, kukulandani foni kapena ndalama za bizinesi yanu, kukuletsani kupita kwa abale? Ngati yankho ndi inde, musadikire miyezi itatu ya kope ija, ndipo musayambe ndi uphungu wa anthu awiri pamodzi, chifukwa zimene munganene m'chipindamo mukhoza kukazilipira kunyumba. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 silinena za kumenya kokha; limatchulanso nkhanza za m'maganizo ndi za pachuma. Kupolisi kuli ofesi ya Victim Support Unit, ndipo khoti la majisitireti lingapereke chikalata chokutetezani. Palibe amene adzakufunseni umboni woti amuna anu ndi narcissist. Adzakufunsani chimene anachita ndi tsiku lake.

Bandulo ikakhalapo, tsegulaninso linki ija kamodzi komaliza. Yankhani poganizira munthu amene mumamudziwa kuti ndi wofatsa kuposa onse, kaya ndi agogo anu, koma tsiku limene anakukhumudwitsani. Mundilembere nambala imene ituluke, pamodzi ndi yankho la funso la mantha lija.